Opalasa a pa Khoma la ku Luwinga

Tsamba long'ambidwa m'buku la mbiri yakale,
lopindidwa kanayi, lonunkha choko,
aphunzitsi a Mtafu anandipatsira pa geti:
"Ujambule ichi pa khoma loyang'ana msewu,
makolo adziwe kuti kuno timaphunzitsa zakutali."

Ine ndimalemba TIMAWOTCHERERA PANO,
ndimajambula mitu ya pometera
ndi nkhuku zonenepa kuposa zamoyo.
Nyanja yamchere sindinaionepo.
Koma utoto wa buluu ndinali nawo,
wotsala pa golosale ina ku Chibavi.

Pachithunzipo pali mwala wosemedwa:
zombo za Aroma, mphuno zosongoka ngati za nguluwe,
zikugundana pa Akitiyamu.
A Mtafu ati kuchokera tsiku limenelo
dziko linayamba kugwera m'manja mwa munthu mmodzi.
Ati mfumukazi inakweza matanga nkuthawa,
wokondedwa wake nkusiya asilikali m'utsi,
kulondola mphepo yomweyo.
Amafotokoza akuseka, choko chili m'ndevu.

Lolemba ndinakoka mizere ndi khala.
Lachiwiri chifunga chinatsika ku Kaning'ina,
khoma linachita thukuta, utoto nkukana kugwira.
Ndinakhala pa chitini, tsamba pabondo,
nkuyamba kuwerenga nkhafi.
Makumi awiri ndi zitatu mbali imodzi,
zonse zotuluka m'timabowo,
zopendekera kumodzi ngati mvula ya kuno.
Pamwamba pali asilikali, zishango, zipewa,
aliyense ndi chibwano chake.
Pansi pali nkhafi basi.
Wosema uja anasema mtengo, nkusiya dzanja.

Tsidya la msewu anyamata a sakaramento
anali kulimbana ndi chitunda,
thumba la makala kumbuyo,
kapena bwana wa jekete akuyankha foni.
Bambo anga anapalasa njinga zaka khumi ndi zinayi.
Onse amene anawanyamula
ankadziwa msana wawo wokha.

Lachitatu ndinaboola chombo.
Ndinakanganula matabwa a m'mbali ndi kaburashi,
nkukhazika anthu m'mimba mwake:
Chiukepo wa dzino lobenthuka,
Mjedu womanga mwendo wa thalauza ndi mphira,
bambo anga pa nkhafi yachisanu ndi chiwiri,
mtsempha wa pakhosi uli njo,
osadziwa amene akupambana pamwamba,
akungomva mfuu,
ndi madzi akulowa pakati pa zala za kumapazi.

A Mtafu anafika ndi maso ofiira.
"Awa m'buku mulibe."
Ndinati m'buku mulibe, koma chombo sichiyenda chokha.
"Mroma wa nkhope ya Chiukepo?"
Anandidula zikwi zisanu,
nati ndifute eni sukulu asanaone.

Lachisanu ndinabwera ndi utoto wa bulauni.
Ndinapeza njinga zinayi zatsamira mpanda,
Mjedu akuloza ndi chala chagirisi:
"Uyu ndine, koma mphuno wakulitsa."
Anali kukangana za chombocho,
ngati n'chopambana kapena n'chimodzi mwa zinapsa zija.
Anandifunsa.
Ndinatembenuza tsamba:
kumbuyo kunali mafunso a mayeso okhaokha.
Ndinati sindikudziwa.
Chiukepo anati zilibe kanthu,
wopalasa amatuluka matuza kulikonse.

Ndinabwezera matabwa limodzilimodzi,
kuyambira kumchira.
Bambo anga ndinawatseka pomaliza,
kachiwiri pa moyo wanga.

Koma utotowo ndinausungunula ndi parafini wambiri.
Sindinauze munthu.

Tsopano mvula ya Epulo ikawaza masiku atatu,
khoma likanyowa mpaka m'njerwa,
pansi pa mapazi a asilikali
pamatuluka chipumi, phewa, dzino lobenthuka.
Ana a Fomu 2 amaima ndi maambulera
nkumawerenga mitu.
A Mtafu amati n'chinyezi chabe.
Chiukepo akamadutsa ndi katundu,
osacheuka n'komwe,
amaliza belu.